Manyutrino a dzuwa sanasowe konse

Pali mawu amene amanditopetsa nkhani ya dzuwa ikabuka: akuti asayansi masamu akawakanika amangopeka chifukwa china pothawa manyazi. Oneneza motero amakonda kutchula manyutrino, tinthu tating'onoting'ono zedi timene timabadwa mkatikati mwa dzuwa pamene hydrogen akusanduka helium. Tinthuti timapyoza thanthwe, nyanja, ngakhale thupi lanu, pafupifupi 65 biliyoni pamalo aakulu ngati chikhadabo pa sekondi iliyonse, inu osamva kanthu. Monga munthu wa fizikisi, ndikuti nkhani imeneyi ikuwatsutsa iwo omwe.

Mu 1968 Ray Davis analengeza zimene anapeza mu mgodi wa golide wa Homestake ku South Dakota, mamita pafupifupi 1,500 pansi pa nthaka. Anali ndi thanki ya malita pafupifupi 380,000 a mankhwala ochapira zovala okhala ndi klorini. Nyutrino ikagunda atomu ya klorini, atomuyo imasanduka argon, ndipo Davis ankasefa thanki yonseyo n'kuwerenga maatomu owerengeka chabe a argon. Anapeza gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a zimene John Bahcall anawerengetsa kuti dzuwa limatulutsa. Kwa zaka zoposa 30 anthu anakangana, ena akuti Bahcall sanalimvetse dzuwa, ena akuti Davis sadziwa kuwerenga. Onse awiri sanalakwe.

Manyutrino alipo mitundu itatu: wa elekitironi, wa muon ndi wa tau. Dzuwa limapanga wa elekitironi wokha, ndipo ndi umenewo basi umene klorini wa Davis ankaumva. Vuto n'lakuti nyutrino imasintha mtundu ili paulendo, zimene ife timati oscillation, kusinthasintha. Davis anali ngati mlonda wa pachipata cha sukulu amene akuwerenga ana ovala yunifomu okha, pamene ena avula yunifomu m'njira n'kulowa ndi zovala zina.

Mwina mukuti kumeneko ndiye kupeka kumene. Ayi. Wasayansi Bruno Pontecorvo anayamba kulemba zoti nyutrino ingasinthe mu 1957, ndipo mu 1967, Davis asanalengeze kanthu, anachenjeza kuti manyutrino a dzuwa angapezeke operewera. Komanso wothawa manyazi sangasankhe chifukwa chimenechi, poti chinagwetsa chimene tinkachikhulupirira kwambiri. Kuti nyutrino isinthe iyenera kukhala ndi kulemera, pakuti chopanda kulemera chimathamanga paliwiro la kuwala, kwa icho nthawi siyenda, ndipo popanda nthawi palibe kusintha. Chiphunzitso chathu chachikulu, Standard Model, chinkati manyutrino salemera m'pang'ono pomwe. Kuvomera kusinthasintha kunali kuvomera kuti chiphunzitsocho n'chosakwanira.

Mlandu unagamulidwa ndi umboni. Mu 1998 gulu la Super-Kamiokande ku Japan, ndi matani 50,000 a madzi, linaona kuti manyutrino a muon ochokera mumlengalenga amachepa akadutsa m'kati mwa dziko lapansi. Kenako ku Sudbury, Canada, makilomita 2 pansi mu mgodi wa nickel, anagwiritsa ntchito matani 1,000 a madzi olemera, amene hydrogen wake ali ndi nyutroni yoonjezera. Madzi amenewa amatha kuwerenga mitundu yonse itatu pamodzi, komanso wa elekitironi payekha. Mu 2002 zotsatira zinaonetsa kuti a elekitironi ndi gawo limodzi mwa atatu, koma onse pamodzi akugwirizana ndi masamu a Bahcall. Davis analandira mphoto ya Nobel chaka chomwecho, ndipo Takaaki Kajita wa gulu la Super-Kamiokande ndi Arthur McDonald wa gulu la ku Sudbury anailandira mu 2015. Bahcall sanailandire, ndipo kwa ine kumeneko kunali kumumana.

Tsono mukamva kuti zoyeza zasemphana ndi masamu, musafulumire kunena kuti sayansi yagwa kapena kuti dzuwa likuzima. Nthawi zina makina amalakwitsadi. Koma yambani mwafunsa kuti makinawo amatha kuwerenga chiyani, nanga n'chiyani chimene chimawadutsa osachimva.