Mwana wokonda kujambula magalimoto: ayambire pati, ndipo lusoli lingamufikitse kuti?

Ku Mandimba, ku Massangulo ndi ku Cuamba sikusowa ana oyendetsa magalimoto a waya, ena a matayala a zitsekerero za mabotolo, ena a chiwongolero chokhota bwinobwino. Ana omwewa ndiwo amadzaza masamba akumapeto a makope ndi zithunzi za malole ndi njinga zamoto, kunyumba n'kumakalipiridwa kuti akuwononga mapepala ogulidwa ndi ndalama ya fodya. Komatu galimoto iliyonse yodutsa pa msewu wa N13, njinga ya kabaza ngakhale mpope wothirira kudimba, zinayamba ndi munthu amene anazijambula zisanapangidwe. Imeneyi ndi ntchito yolipidwa, ndipo m'masukulu amaitchula kuti design.

Mmodzi mwa anthu a mu Africa odziwika pa ntchitoyi ndi Jelani Aliyu, yemwe anakulira ku Sokoto, kumpoto kwa Nigeria. Anakaphunzira ku College for Creative Studies mumzinda wa Detroit ku America, kenako analembedwa ntchito ku General Motors, komwe anajambula maonekedwe a Chevrolet Volt, galimoto yoyendera magetsi imene inaonetsedwa koyamba mu 2007. Ku Uganda, ophunzira ndi aphunzitsi a yunivesite ya Makerere anatulutsa galimoto yawo ya Kiira EV mu 2011. M'dziko muno, mu 2014 kunatuluka magalimoto otchedwa Matchedje, dzina la mudzi wa m'boma la Sanga momwe Frelimo inachitira msonkhano wake waukulu wachiwiri mu 1968. Dzina linali la ku Niassa, koma ndalama ndi zitsulo zinachokera ku China, ndipo ntchito ya kuno inali yolumikiza.

Kuyamba kuphunzira sikufuna kompyuta. Bolopeni ndi pepala lililonse, ngakhale kuseri kwa katoni, n'zokwanira. Aphunzitsi ambiri a lusoli amakonda bolopeni kuposa pensulo chifukwa sifufutika, choncho dzanja limazolowera kuganiza lisanalembe. Masabata oyamba ndi otopetsa: mizere yowongoka yokhayokha popanda rula, kusuntha mkono wonse kuchokera paphewa osati zala zokha. Ikatha mizere pamabwera zozungulira. Tayala likaonedwa chammbali ndi lozungulira ngati mbale, koma likaonedwa chopendekera limaphwatalala ngati dzira, ndipo apa ndi pamene ana ambiri aluso amagwa. Galimoto ya matayala olakwika imaoneka yopunduka ngakhale zina zonse zitakongola.

Chachitatu ndi kudziwa kuti chakutali chimaoneka chaching'ono. Munthu akaima pafupi ndi njanji yochokera ku Cuamba kupita ku Lichinga, zitsulo ziwirizo zimaoneka ngati zakumana kutsogolo, chonsecho sizikumana. Wojambula amaika kadontho papepala pamene mizere yake ikakumanire, n'kujambula bokosi lolozera kumeneko. Lole ndi mabokosi awiri, wailesi ndi bokosi limodzi, mbaula ndi chitini choimirira. Amene wadziwa kujambula bokosi kuchokera mbali iliyonse wadziwa theka la ntchito.

Pa galimoto, muyeso ndi tayala lomwelo. Pa galimoto yaing'ono, pakati pa tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo pamalowa matayala ena pafupifupi 3, ndipo kuchokera pansi kufika padenga ndi matayala awiri ndi pang'ono. Mwana angatsimikize yekha poyeza ndi chingwe galimoto yoima pamsika, atapempha mwini wake.

Pali kujambula kwina kumene ana sakukonda chifukwa sikukongola, koma ndiko kumene kungabweretse ndalama msanga kumalire kuno. Ndi kujambula chinthu katatu, kutsogolo, chammbali ndi pamwamba, n'kulemba miyeso yake yonse. Pa muyeso wa 1:10, ngolo yotalika mamita 2 imakhala masentimita 20 papepala. Wowotcherera zitsulo kapena kalipentala akapatsidwa pepala lotere amadziwa kutalika kwa chitsulo chilichonse asanadule. Popanda pepala, mlimi amafotokoza ndi manja, mmisiri amamva zake, chitsulo chimadulidwa chofupika, ndipo mkangano wa amene alipire umatha mwezi.

Zofunika kujambulidwa bwino sizisowa: chopukusira chimanga chosathyola njere, ngolo yokokedwa ndi njinga, wilibala yosagwa m'matope, nkhokwe yosalowa makoswe. Njinga ya Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief, yomwe imagulitsidwa ku Malawi ndi ku Zambia, ili ndi kaliyala yonyamula makilogalamu 100 chifukwa oipanga anayamba aona zimene anthu akumudzi amanyamula. Aliyense amene anaonapo matumba akuwoloka pa Mandimba kupita ku Chiponde akudziwa kuti kaliyala wamba salimba.

Kusukulu njira ilipo, ngakhale ndi yopapatiza. Phunziro la Educação Visual limayala maziko, ndipo m'makalasi omaliza a sekondale muli Desenho e Geometria Descritiva, lomwe limaphunzitsa kujambula kwa miyeso kuja. Si ophunzira onse amene amalitenga, choncho mwana ndi makolo afunse msanga ngati sukulu yawo ili nalo asanasankhe gulu la maphunziro. Kupitirira apo kuli Escola Nacional de Artes Visuais ku Maputo ndi ISArC ku Matola, komwe kuli maphunziro a design. Pafupiko, ku Nampula, komwe sitima ya ku Cuamba imafika, UniLúrio imaphunzitsa kujambula mapulani a nyumba.

Kunena mosabisa, malo a ntchito yojambula magalimoto enieni ndi ochepa padziko lonse, ndipo ali kutali. Banja lisagulitse mbuzi poyembekezera kuti mwana akalowa ku Toyota. Koma sukulu ndi makampani a ntchito zoterezi amafuna kuona zojambula za munthu, osati satifiketi yokha. N'chifukwa chake mapepala aja asamasonkhezere moto kapena kukulungira usipa. Mwana azilemba tsiku pa chojambula chilichonse, azisunga mu pulasitiki poopa chiswe ndi mvula, ndipo zabwinozo azizijambula ndi foni.