Nyumba ndaipeza, nanga galimoto igona kuti?

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Mawu amenewa ndidawamvetsa bwino nditagula kagalimoto kanga ka Probox, kaja kochokera ku Japan kodzera padoko la Dar es Salaam. Bizinesi yanga ndi ya kachewere ndi kabichi. Ndimapikula pa Tsangano ndi pa Lizulu n'kukagulitsa ku Blantyre, choncho ndidaganiza zosamukira pa boma la Ntcheu kuti ndiyandikire katundu. Mumtima ndinkati tauni yaing'ono ngati imeneyi malo ndi mbwee. Abale anga, ndidalemba m'madzi.

Tsiku loyamba ndidagwidwa ndi dobadoba wina. Ndisanaione n'komwe nyumbayo, iye adayamba walandira yake yoonetsera. "Bwana, malo alipo, ngakhale lole ikhoza kutembenuka," adatero. Titafika ndidapeza kuti kanjira kolowera kadapanikizika pakati pa mipanda iwiri, moti wilibala yokha ndiyo ingadutse.

Nyumba yachiwiri idali ndi mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo, mtima wanga n'kukhala pansi. Koma kulowa m'kati, bwalo lonse eni ake adamangamo tizipinda ta lendi, pongotsala poyanika zovala. Mayi landilodi adandiuza mosabisa kuti, "Mwananga, muziisiya kunja kwa geti, koma ikadzabedwa musadzandifunse ine."

Yachitatu idali yabwino ndithu, bwalo lalikulu. Mwayi wanga, mnyamata wina wapafupi adandinong'oneza kuti ndifunse za kakhwawa kamene tidawoloka pobwera. Akuti mvula ikalimba mu Januwale, ngakhale njinga imachita kunyamulidwa paphewa.

Masabata onsewo ndinkagona kwa mbale wanga, galimoto n'kumaisiya pamalo ena apamsewu pomwe mlonda ndinkamupatsa kangachepe usiku uliwonse. Kunena zoona, ndinkalipira malendi awiri, wanga ndi wa galimoto. M'mawa wina ndidafika tambala woyamba asanalire, ndili ndi oda ya matumba a kachewere, koma kupotokola kiyi, zii! Batire adali atazula. Mlonda adangoti, "Pepani bwana, sindidaone kanthu." Tsiku limenelo msika udandipita, ndipo amene mudagulapo sipeyala chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mukudziwa ululu wake. Kwa wamalonda galimoto si yodzionetsera ayi, ndi mpamba. Ikagona panja, mwini wake sagona tulo.

Kodi vutoli likuchokera kuti? Nyumba zambiri za lendi m'matauni athu aang'ono zidamangidwa poganizira mphunzitsi kapena kalaliki woyenda pansi ndi panjinga. Bungwe la Malawi Housing Corporation lidakhazikitsidwa mu 1964, koma nyumba zake zambiri zili m'mizinda ikuluikulu. Kwina konseku anthu amagula malo kwa mafumu kapena kwa anzawo n'kumanga momwe afunira, osasiya msewu. Landilodi naye amawerengera kuti pamalo oima galimoto imodzi pakhoza kukhala chipinda chobweretsa ndalama mwezi ndi mwezi. Sitingamunene kwambiri. Koma lamulo la mapulani a malo la 2016 limakhudza dziko lonse, osati Lilongwe ndi Blantyre yokha. Makhonsolo athu, kodi mukudikira kuti ambulansi idzalephere kufika pakhomo pa mayi wodwala ndi pamene mudzaone kufunika kwa misewu m'malokeshoni?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patatha miyezi iwiri ndidapeza nyumba kwa bambo wina wopuma pantchito. Ndi yaing'ono, madzi timatunga pampopi wapanja, koma galimoto imagona pansi pa zenera langa.

Tsono inu anzanga a geni, ndi inu ophunzira amene mawa lino ntchito idzakuponyani pa boma lina, imvani izi. Pokaona nyumba pitani ndi galimotoyo ndipo muilowetse nokha pageti. Funsani oyandikana nawo momwe njira imakhalira nthawi ya dzinja, chifukwa dobadoba sangakuuzeni. Funsaninso kuti kiyi wa geti amasunga ndani, poti ife timadzuka usiku. Ndipo musanapereke lendi ya miyezi itatu imene eni nyumba ambiri amafuna, nkhani ya malo a galimoto ilembedwe papepala, nonse musayine. Mawu apakamwa amauluka ndi mphepo.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.