Mpweya wa pambaula ukuvutitsanso galimoto za haidrojeni

Usiku wina m'mwezi wa June kutazizira kwambiri, tinalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka mawindo onse. Mwamwayi mayi anga anadzidzimuka pakati pa usiku mutu ukuwawawa, n'kutsegula chitseko. Ine ndinatuluka ndikudzandira ngati woledzera. Kuchipatala anatiuza kuti tinapuma mpweya wa carbon monoxide, womwe umatuluka makala akamayaka posalowa mphepo yokwanira. Mpweyawu suoneka komanso sununkha. Ukalowa m'magazi umalanda malo a okosijeni, ndipo umagwira molimba kumuposa maulendo opitirira 200.

Patatha zaka, ndikuwerenga za galimoto zoyendera haidrojeni, ndinadabwa kupeza kuti mdani yemweyu akusowetsa tulo akatswiri, ndipo machitidwe ake ndi omwewo.

Galimoto ngati Toyota Mirai, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 2014, siwotcha mafuta. Ili ndi chipangizo chotchedwa fuel cell chomwe chimapanga magetsi. M'kati mwake, haidrojeni amafika pa kansalu kopakidwa timibulu ta chitsulo cha pulatinamu. Chitsulochi chimamugawa, magetsi n'kupangika, ndipo chotsalacho chikakumana ndi okosijeni chimasanduka madzi. Ku ekizozi kumangotuluka madzi basi.

Vuto ndi lakuti haidrojeni wambiri padziko lapansi amapangidwa posakaniza gasi wa pansi pa nthaka ndi nthunzi yotentha kwambiri, ndipo carbon monoxide amabadwira pomwepo. Akatsalira, amakakamira pa pulatinamu, haidrojeni n'kusowa pofikira. Magawo 10 okha pa miliyoni ndi okwanira kufooketsa chipangizocho. N'chifukwa chake muyezo wa ISO 14687 umalola magawo osaposa 2 pa 10 miliyoni aliwonse mu haidrojeni wa galimoto.

Njira yoyamba yothanirana naye ndi kuyeretsa haidrojeni asanachoke kufakitale. Amamudutsitsanso mu nthunzi kuti carbon monoxide asanduke carbon dioxide, kenako n'kumusefa. Yachiwiri ndi kusakaniza pulatinamu ndi chitsulo china chotchedwa ruthenium, chomwe chimatenga okosijeni m'madzi n'kuthandiza kuchotsa poizoni amene wakakamirayo. Yachitatu ndi kulowetsa dala kamphepo pang'ono kumbali ya haidrojeni kuti kaotche poizoniyo, ngakhale kuti njirayi imawononga haidrojeni wina ndipo imakalambitsa kansalu kaja msanga.

Palinso njira yokweza kutentha. Ma fuel cell a m'galimoto amagwira ntchito pa madigiri pafupifupi 80, koma alipo ena opirira madigiri 160 kapena kuposa, ndipo pamenepo carbon monoxide amalephera kugwira molimba. Komabe njira yodula mtengo ndi mizu yomwe ndi kupanga haidrojeni pogawa madzi ndi magetsi a dzuwa kapena mphepo. Chovuta chake n'chakuti mpaka pano haidrojeni wotere ndi wokwera mtengo.

Wina anganene kuti izi ndi za kutali. Koma pulatinamu wochuluka, pafupifupi magawo 70 pa 100 aliwonse a amene amakumbidwa padziko lapansi, amachokera ku South Africa, ndipo wina ku Zimbabwe, maiko omwe abale athu akhala akupita kukagwira ntchito m'migodi. Mu May 2022, kampani ya Anglo American inaonetsa chigalimoto chonyamula miyala choyendera haidrojeni pamgodi wa Mogalakwena. Pulatinamu ndi wodula kwambiri, choncho fuel cell yomwe imafunika wochuluka kuti ipirire poizoni singatsike mtengo. Akatswiri akapambana nkhondoyi, mwina tsiku lina makina otere adzalowa m'malo mwa majeneleta a dizilo m'zipatala ndi m'mafakitale.

Podikira zimenezo, phunziro langa ndi lija ndinalitenga usiku wa June uja: kanthu kochepa kosaoneka kakalanda malo a chinzake, chinthu chachikulu chimaima. Akatswiri ali ndi njira zawo zisanu. Inu ndi ine tili ndi imodzi yosalira ndalama: mbaula isagone m'nyumba.