Zimene madzi a m'suweji amaululira a zaumoyo

Mwa anthu 200 amene atenga kachilombo ka poliyo, pafupifupi mmodzi yekha ndi amene amapuwala. Ambiri mwa otsalawo samva kalikonse m'thupi, koma kwa milungu ingapo amatulutsa kachilomboko m'chimbudzi. Kudikira kuti mwana wopuwala afike kuchipatala ndiye kuchedwa. N'chifukwa chake a zaumoyo amayezanso madzi onyansa otuluka m'mizinda.

Dziko la Malawi linaphunzira izi mowawa. Mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, matenda amene anali atasowa kuno kuyambira 1992. Zitatero, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la WHO anakhazikitsa malo otungapo madzi oyeza ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba.

Ntchito yake imayenda chonchi. Wogwira ntchito amavala magulovu, n'kutunga madzi pamalo pomwe zonyansa za anthu ambiri zimakumana. Botolo la madziwo amalilemba tsiku ndi malo, kenako amaliika m'bokosi lozizira ngati la katemera, chifukwa likatentha kachilomboko kamafa lisanafike ku labotale. Kumeneko amachepetsa madziwo mpaka tizilombo titaunjikana, ndipo akatipeza amaunika chibadwa chake kuti adziwe komwe tachokera. Kachilombo ka mwana wa ku Lilongwe uja, akatswiri atakaunika chomwecho, anapeza kuti mtundu wake ndi wa ku Pakistan.

Vuto n'lakuti mabanja ambiri kuno alibe suweji, amadalira zimbudzi zokumba. Ofufuza a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, posaka tizilombo ta tayifodi, anachita kulowa m'mitsinje. Amamanga kansalu kopindapinda, konga bandeji, pachingwe n'kukasiya m'madzi masiku awiri kapena atatu kuti kakole tizilombo todutsa. Mukakaona kakulendewera pansi pa mlatho, kasiyeni, si kankhwala ka asing'anga ayi.

Madzi omwewo amathanso kusonyeza ngati tizilombo ta m'dera tasiya kumva mankhwala. Nkhaniyi si yachilendo ku Blantyre: kuyambira cha m'ma 2011 tayifodi yambiri kumeneko inasiya kugonja ku Bactrim, chloramphenicol ndi ampicillin. Chizolowezi chogula makapisozi awiri pa okala n'kusiya mutu ukangoleka chimathandiza tizilombo kukhwima.

Zotsatira za kuyezaku sizitchula munthu kapena nyumba. Zimangouza boma dera loyenera kuthamangirako ndi katemera kapena kukonza madzi akumwa. Koma mudzi wa zimbudzi zokumba, kutali ndi tawuni, botololi siliuona. Kumeneko maso ndi anu: mwana wosakwana zaka 15 akafooka mwendo kapena mkono mwadzidzidzi, uzani alangizi a zaumoyo kapena pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.