Namondwe akafooka sindiye kuti watha

Kumapeto kwa Febuluwale 2023 ndidawaimbira foni mayi anga kumudzi ku Phalombe. Nkhani idali itamveka kuti namondwe wa Freddy, yemwe adalowa m'dziko la Mozambique pa 24 Febuluwale chakufupi ndi Vilankulo, wafooka.

"Musade nkhawa amayi, chinthu chija chatha," ndidatero ine ngati katswiri.

Iwo adangoti: "Mwanawe, iwe za Napolo sukuzidziwa. Mu 1991 udali wamng'ono."

Patangotha masabata awiri ndidachezera usiku wonse kuimba nambala yawo, osapezeka. Freddy adali atabwerera. Mayi adapulumuka chifukwa adathawira kusukulu madzi asadafike, koma nyumba, nkhokwe ndi munda zidapita. Mawu anga aja amandivutabe mumtima. Ndidawalimbitsa mtima pa chinthu chomwe sindinkachidziwa, ndipo n'chifukwa chake ndidayamba kufufuza momwe anamondwe amabadwira ndi momwe amayendera.

Zonse zimayambira panyanja yamchere. Madzi akatentha kufika madigiri 26 kapena 27, nthunzi imakwera yambiri, monga zimachitikira ndi mphika uli pamoto. Mpweya wofunda wachinyezi ndi wopepuka, choncho umakwera kumwamba n'kusiya pansi malo omwe mpweya wachepa kulemera. Malo otere ndi omwe a zanyengo amawatcha low pressure tikamamvera wailesi. Mpweya wa m'mbali umathamangira pamalopo kukadzaza, nawo n'kufunda, n'kukweranso.

Nthunzi ija ikafika kumwamba kozizira imasanduka mitambo ndi madontho a mvula, ndipo posandukapo imatulutsa kutentha. Kutenthako kumachititsa mpweya kukwera mwamphamvu kuposa kale, pansi mpweya n'kupepukiratu, mphepo n'kuwonjeza liwiro. Mwachidule, namondwe amadzisonkhezera yekha moto, ndipo nkhuni zake ndi madzi ofunda a m'nyanja.

Nanga kuzungulira kuja kumachokera kuti? Dziko lapansi limazungulira, ndiye mphepo yothamangira pakati paja siyenda molunjika, imakhota. Kuno kummwera kwa equator namondwe amazungulira momwe mivi ya wotchi imayendera, pomwe kumpoto amazungulira mobwerera. Pa equator penipeni mphamvu yokhotetsayi palibe, n'chifukwa chake anamondwe sabadwira pamenepo.

Si low pressure aliyense amakula kukhala namondwe. Ngati mphepo yakumwamba ikuwomba mosiyana kwambiri ndi yapansi, imamwaza mitambo ija chinthucho chisadakhwime. Mpweya wouma nawo umamupha. Koma zikayenda momukomera, mphepo ikafika makilomita 63 pa ola amapatsidwa dzina, ndipo ikafika 118 ndiye kuti wakhwima. Apo pakati pake pamaoneka diso, malo abata pomwe nthawi zina ngakhale dzuwa limawala. Mphepo yoopsa kwambiri imakhala m'mphepete mwa disolo. Anthu okhala m'mbali mwa nyanja amapusitsika nalo batali, amatuluka panja poganiza kuti zatha, kenaka mphepo n'kubwerera kuchokera mbali ina.

Tsono apa ndi pomwe ine ndidaphonya. Namondwe akalowa kumtunda amafookadi chifukwa wasiyana ndi madzi ofunda aja, koma kufookako amayeza ndi liwiro la mphepo, osati kuchuluka kwa madzi omwe wasenza. Komanso malinga ngati kuzungulira kuja sikudathe, akangobwerera panyanja amadzukanso.

Freddy adachita zomwezo. Adabadwira kutali, kumpoto chakumadzulo kwa Australia, kumayambiriro kwa Febuluwale. Adawoloka nyanja yonse ya Indian Ocean, n'kugunda Madagascar pa 21 Febuluwale chakufupi ndi Mananjary, kenaka Mozambique. Atazungulirazungulira kumtunda adabwerera m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar, komwe madzi ndi ofunda, n'kupezanso mphamvu. Pa 11 Malichi adalowanso kumtunda chakufupi ndi Quelimane, ulendo wa kwathu kuno. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la World Meteorological Organization lidatsimikiza mu 2024 kuti Freddy adakhala masiku 36, ndipo palibe namondwe wina wolembedwa m'mabuku yemwe adakhalitsa chotere.

Zomvetsa chisoni n'zakuti sikadali koyamba. Mu Malichi 2019, Idai adayamba ngati low pressure wamba yemwe adagwetsa chimvula chomwe chidasefukiza mitsinje m'chigawo cha kummwera. Atatero adabwerera kunyanja, n'kukhwima, n'kukasakaza mzinda wa Beira ndi dera la Chimanimani ku Zimbabwe. Nayenso Ana, mu Januwale 2022, sadali wamphepo yoopsa kwenikweni, koma madzi ake adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kukhala mumdima kwa nthawi yaitali.

Phunziro lake ndi ili: ife a Malawi tili kutali ndi nyanja yamchere, choncho chotipha kwambiri si mphepo koma madzi. Namondwe amakoka mpweya wachinyezi kuchokera kunyanja, mpweyawo ukagunda mapiri a Mulanje, Michesi, Chiradzulu, Zomba ndi Soche umakakamizika kukwera, n'kuzizira, n'kukhuthula madzi onse pamenepo. Namondwe akamayenda pang'onopang'ono, monga adachitira Freddy, mvula imagwa malo amodzimodzi usana ndi usiku. Dothi la m'phiri likakhuta madzi limalemera n'kuterereka, limodzi ndi miyala ndi mitengo. Izi n'zomwe zidagwera abale athu ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre ndi m'midzi yambiri ya ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Anthu opitirira 1,000 adamwalira kapena kusowa, ndipo opitirira 600,000 adasiya nyumba zawo.

Makolo athu ankati Napolo wadutsa, njoka yaikulu yochoka m'phiri kupita kunyanja. Ine ndinkaseka nkhani imeneyi. Lero ndimaona kuti ngakhale njokayo palibe adaiona, akuluakulu ankadziwa njira zomwe madzi a m'phiri amadzera, ndipo ankapewa kumangamo. Paja amati madzi saiwala khwawa. Ife tadula mitengo m'mapiri, tamanga m'makhwawa momwemo, ena chifukwa cha umphawi ndi kusowa malo, ena chifukwa chogulitsidwa mapuloti ndi anthu osalabadira za moyo wa anzawo.

Asayansi akuti pomwe dziko likutentha, nyanja nazo zikufunda, ndipo mpweya wofunda umasenza chinyezi chambiri. Sakunena kuti anamondwe achuluka chiwerengero, koma kuti omwe azibwerawo azigwetsa mvula yambiri. Chido mu Disembala 2024 ndi Jude mu Malichi 2025 adatikumbutsa kuti njira ya kwathu kuno anamondwe akuidziwa.

Ubwino wake, namondwe sabwera ngati mbala. Nyengo yake imadziwika, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Likulu lomwe limalondola anamondwe a m'dera lathu lino lili pachilumba cha La Réunion, ndipo nthambi yathu yoona zanyengo imachenjeza kukadali masiku angapo. Vuto limakhala pa kamvedwe kathu. Tikamva kuti "wafooka" timapuma, chonsecho funso loyenera kufunsa ndi lakuti: mvula igwa yochuluka bwanji, kwa masiku angati, ndipo ine ndili pansi pa phiri liti kapena m'mbali mwa mtsinje uti?

Pempho langa kwa a zanyengo, a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi anzathu a m'mawailesi n'lakuti chenjezo lizinenedwa m'Chichewa chomveka, lotchula madera ndi mitsinje, komanso komwe anthu athawire. Kuuza munthu kuti asamukire kumtunda osamuuza kuti kumtunda kwake n'kuti, n'kumusiya pomwepo.

Mayi anga adamanganso nyumba, ulendo uno patali ndi khwawa. Masiku ano kukamveka za namondwe ndine ndimayamba kuimba, ndipo sindinenanso kuti chatha. Ndimangofunsa kuti: "Amayi, kodi katundu mwamanga?"