MSANA WA MLIMI

Anzathu a m'kooperativa, lero tisiye kaye za mbewu ndi fetereza. Tikambe za msana.

Kuno ku Lichinga timalima chimanga, nyemba ndi mbatatesi. Zonsezi zimadutsa pamsana pathu. Timawerama pounda mizere, popalira ndi pokumba mbatatesi. Kenaka timasenza matumba a makilogalamu 50 kupita nawo kumsewu. Msana ukayamba kuwawa, wina amati ndi ukalamba basi. Wina amati ndi ulesi. Wina amati alipo amene wachita zake. Tiyeni tione chimene chimachitika m'katimo.

Gwirani kumbuyo kwa khosi lanu. Tsitsani chala pang'onopang'ono. Mukumva timafupa tondondozana? Msana si fupa limodzi ayi. Mafupa ake oyenda alipo 24: m'khosi 7, kumbuyo kwa chifuwa 12, m'chiuno 5. Pakati pa mafupawa pali tinyama tofewa tokhala ndi madzi. Timagwira ntchito ya nkhata, ija amayi amaika pamutu posenza ndowa. M'kati mwa mafupa mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo. Nthambi zake zimapita kumanja ndi kumiyendo.

Msana wa akuluakulu

Nkhata ikakhalitsa imaphwa. Tinkhata ta mumsana natonso timaphwa munthu akamakula. Madzi amachepa, mafupa amayandikana, ndipo m'mbali mwake mumamera timafupa tina tosongoka. Kuchipatala chathu amalemba papepala kuti espondilose. Amene anapita ku chipatala cha ku Malawi anaona mawu akuti spondylosis. Ndi chinthu chimodzi. Kawirikawiri chimagwira khosi ndi chiuno.

Munthu amadzuka m'mawa msana uli gwa. Akayendayenda amapezako bwino. M'mwezi wa June ndi July, kuzizira kwa pamtunda pano kuja, ambiri amati kuuma kumanyanya. Nthawi zina mtsempha umapanikizika, ndipo ululu kapena dzanzi zimatsikira m'mwendo kapena m'dzanja.

Mvetsani ichi, azigogo. Anthu ambiri opitirira zaka 60 akajambulidwa, chithunzi chimaonetsa kutha kwa mafupa kotere, koma ambiri a iwo samva ululu konse. Zili ngati imvi. Palibe mankhwala obwezeretsa fupa ku unyamata, koma ululu umatheka kuchepetsa, ndipo munthu n'kumalimabe.

Kale odwala msana ankauzidwa kuti agone masiku ambiri. Lero zadziwika kuti kugona pamphasa sabata yathunthu kumafooketsa minofu imene imagwira msana, ndipo ululu umachedwa kutha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, limene kuno timati OMS, linanena kuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni anali ndi ululu wa m'chiuno. M'chaka cha 2023 linatulutsa malangizo a ululu wokhalitsa. Linalimbikitsa kuphunzitsa odwala ndi kulimbitsa thupi. Malamba omanga m'chiuno silinawavomereze. Tsono pumulani tsiku limodzi kapena awiri ululu ukakula, kenaka dzukani. Yendani pang'ono tsiku lililonse. M'mawa, musanatenge khasu, gonani chagada, kokerani bondo limodzi pachifuwa, muwerenge mpaka 10, musinthe mwendo. Nsalu yoviika m'madzi ofunda imathandizanso.

Za mapiritsi tichenjezane. Ibuprofeno imachepetsa ululu, koma kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi kumatupsa zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso. Amayi oyembekezera asamwe popanda kufunsa anamwino. Mapiritsi ogula pabenchi mumsika, opanda pepala, sitidziwa mphamvu yake. Mphini nazo sizifika pafupa. Zimangodula khungu, ndipo lezala yotemera anthu angapo imafalitsa matenda.

Msana wa ana

Apa ndi pamene timalakwitsa kwambiri m'midzi. Mnyamata wa zaka 13 akadandaula chiuno, akuluakulu amaseka. Amati mwana alibe msana.

Msana ali nawo, ndipo sunakhwime. Tengani waya, muupinde uku ndi uku kambirimbiri. Sumathyoka ulendo woyamba. Umayamba ndi kamng'alu. Chimodzimodzi kumbuyo kwa fupa la msana kuli kamlatho kopyapyala. Mwana akamapindira msana kumbuyo kawirikawiri, kapena kupotokola thupi mwamphamvu, kamlathoko kangathe kung'aluka. Dzina lake ndi espondilólise, kapena spondylolysis. Mainawa amafanana pakamwa, koma matenda ndi awiri. Mng'alu umenewu umapezeka kwambiri pafupa lachisanu la m'chiuno, lotsiriza kunsi. Mwa anthu 100, asanu kapena asanu ndi mmodzi ali nawo, ena osadziwa n'komwe. Madokotala amaupeza kwambiri mwa ana osewera masewera amphamvu, monga mpira ndi kunyamula zitsulo. Ife tikaona mwana akudzikweza yekha thumba pamutu, msana utapindikira kumbuyo, tidziwe kuti mphamvu yonse ikugwera pamalo omwewo.

Chizindikiro chake n'chotani? Ululu wa m'chiuno umene umakula mwana akapindira kumbuyo, akathamanga kapena akasenza, ndipo umachepa akapuma. Ukapitirira masabata awiri kapena atatu, pitani naye kuchipatala. Mng'alu ukapezeka msanga, ana ambiri amachira osachitidwa opaleshoni. Chofunika ndi kusiya katundu wolemera ndi mpira kwa miyezi iwiri kapena itatu, kenaka kulimbitsa minofu ya pamimba ndi ya msana. Kusukulu apite ndithu. Koma mng'alu ukakhala mbali zonse ziwiri, fupa lingathe kutsetserekera kutsogolo, n'kumavutitsa munthu mpaka kukula.

Ndiye taonani kusiyana kwake. Agogo a msana wotha tiwadzutse ayende. Mwana wa msana wong'aluka timutule katundu. Ife kawirikawiri timachita mosemphanitsa: agogo timawagoneka, mwana timamusenzetsa.

Kooperativa ingachitepo chiyani?

Munthu wolima yekha alibe womusinthana naye. Ife tilipo ambiri. Thumba la makilogalamu 50 tinyamule awiri, kapena tiligawe pawiri kumunda komweko. Likhale pafupi ndi thupi, mawondo apindike, ndipo potembenuka tisunthe mapazi, osapotokola chiuno. Mpini wa khasu ukhale wautali molingana ndi mwini wake. Mpini waufupi umapinda munthu tsiku lonse, pamene mtengo wosemera wautali ndi womwewo. Mukatha mizere iwiri, weramukani, muyende pang'ono. Ndalama ya gulu ikapezeka, wilibala imodzi si chinthu chamanyado.

Amene msana wamuvuta sabata ino apatsidwe ntchito yosankha mbewu, yotonola chimanga kapena yolemba matumba m'kaundula. Paja kulemba taphunzira. Tsiku lake lilembedwe ngati la wina aliyense. Tikamudula tsiku, adzabisa ululu n'kudzipweteka koposa.

Ululu wosayenera kudikira

Si ululu wonse wa msana umene uli wa khasu. Chifuwa chachikulu, TB, chimalowanso m'mafupa a msana, ngakhale munthu asakutsokomola. Ululu wake sutha pogona. Munthu amaonda, amatentha thupi, amatuluka thukuta usiku, ndipo pamsana pangatuluke kalinunda. Akachedwa miyendo imafa. Mankhwala ake alipo m'zipatala za boma, aulere, ndipo amamwedwa miyezi yambiri osadukiza.

Wina miyendo imafooka, dzanzi limagwira pakati pa ntchafu ndi kumatako, mkodzo umakana kutuluka kapena umangotuluka wokha. Ameneyo asagone kunyumba. Apite tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Amene wagwa mumtengo kapena panjinga yamoto msana n'kuwawa kwambiri, musamukhazike pansi kapena kumubereka. Mugonekeni pachitseko kapena pathabwa, mutu ndi thupi zikhale mowongoka, anthu anayi anyamule.

Yambirani kwa APE wa m'mudzi kapena ku Centro de Saúde yapafupi. Iwo akaona kuti pakufunika kujambula, adzakulemberani kalata yopita ku Hospital Provincial de Lichinga. Musananyamuke, lembani papepala tsiku limene ululu unayamba, malo amene ukuwawa, ndi dzina la mapiritsi amene mwamwa kale. Pepalalo mukapereke kwa anamwino.