Chigayo ndi Nkhoswe: Njira Ziŵiri Zolangizira Kompyuta

Mayi wa ku Bembeke akanyamula dengu la chimanga kunka nalo ku chigayo, amadziŵiratu kuti abwerako ndi ufa. Chigayo sichibwerera m'mbuyo: palibe anathiramo ufa natulutsa chimanga. Umu ndimo mmene zimagwirira ntchito zilankhulo za kompyuta za mtundu wa functional programming. Pulogalamu yonse imalukidwa ndi mafankishoni onga aja a m'masamu a ku sekondale: f(x) = 2x + 3 ikalandira 4 imabweza 11, lero ndi maŵa lomwe. Maziko a nzeruyi anaika ndi Alonzo Church m'zaka za m'ma 1930; John McCarthy anayambitsa chilankhulo cha Lisp m'chaka cha 1958, ndipo cha Haskell chinadza mu 1990.

Nkhoswe ya m'mudzi mwa Acheŵa imagwira ntchito mwa mtundu wina. Iyo imasunga m'mutu mfundo zakuti uje anabala uje, uje ndi mlongo wa uje, pamodzi ndi lamulo limodzi lakuti mlongo wa mayi ndiye malume a mwana. Munthu akaifunsa kuti, "Malume a mwanayu ndani?" imayankha, akatembenuza funsolo nati, "Nanga bamboŵa ndi malume a yani?" imayankhanso ndi lamulo lomwelo. Imeneyi ndiyo logic programming. Chilankhulo chake chotchuka ndi Prolog, chimene Alain Colmerauer ndi Philippe Roussel anakonza ku Marseille m'chaka cha 1972. Wolemba pulogalamu amangopereka mfundo ndi malamulo. Kompyuta imafufuza yokha yankho, ndipo njira ina ikatsekeka imabwerera nkukayesa ina.

Njira ziŵirizi sizidana ayi. Erlang, chilankhulo cha mafankishoni chimene kampani ya Ericsson inayamba kukonza mu 1986, poyamba chinalembedwa m'Prolog; ndipo Erlang yemweyo ndiye anamangira makina onyamula mauthenga a WhatsApp amene wogulitsa mbatatesi pa Dedza amamverapo mitengo ya ku Lilongwe.

Ophunzira ambiri amataya mtima poganiza kuti wopanda kompyuta watsekeredwa khomo. Koma Church anatulukira nzeru zake kompyuta zamakono zisanapangidwe, ali ndi pepala ndi cholembera basi. Mphunzitsi wokhala ndi choko chokha angathe kulemba fankishoni pabolodi, nauza ana alongosole chibale cha kwawo m'malamulo omveka. Mwana wozoloŵera zimenezi akadzakhala pa kompyuta adzangophunzira kalembedwe kake, pakuti kaganizidweko adzakhala atakadziŵa kale.